Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike

Mwambi uwu umati zabwino zimene ukuziyembekezera zimabwera ukayamba walongosola zomwe zili pafupi nawe. Ambiri amautchula pa nkhani zaulemu ndi kuthandizana, koma ine ndimauona bwino m'masika, mvula ikamakata mu Epulo.

Nthawi imeneyi maso onse amakhala pa chimanga. Dimba limaiwalika, chonsecho chinyezi m'madambo chikadalipo. Nazale ya tomato, mpiru, kabichi ndi anyezi iyenera kufesedwa pomwepo, kuti mbande zikhazikike kuzizira kwa Juni kusanafike. Manyowa a m'khola muwatulutse msanga awole. Aawisi amawotcha mizu. Ndipo mpanda uyambe kumangidwa mbewu zisanamere, pakuti anthu akangokolola amamasula mbuzi. Mbuzi siidziwa dimba la mfumu.

Chondiwawa kwambiri ndi moto wa m'minda. Munthu atentha mapesi ndi masangwi a mtedza pofuna mbewa, kenako mu Okutobala n'kumadandaula kuti ziweto zaonda. Zotsalira zimenezi, zikaumitsidwa pamthunzi n'kusungidwa pathandala, zimadyetsa mbuzi msipu ukauma. Madeya nawonso musamagulitse onse.

Nkhuku zilandire katemera wa chitopa wa I-2, dontho limodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, osadikira kumva kuti kwa aneba zayamba kusinza. Amayi afutse nkhwani ndi chitambe masamba akadali anthete.

Ngati dimba lanu lilibe mpanda, kadulenitu udzu usanapse.