Gombe la kumunsi kwa dimba lanu likudikira inu

Mu 2018 damu la Mpira linaphwa. Anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka amene anazolowera kungotsegula mpopi anayambanso kulawira m'mamawa ndi zidebe, ena kukafukula mchenga m'makhwawa n'kumadikira kuti timadzi tituluke. Chilala chinalipo ndithu, koma chinapeza nkhalango ya Mvai, kumene kumachokera madzi a damulo, itaperepeseka kale. Uyu wagwetsa mtengo wa makala, uyo watsegula munda pamtsetse, winanso wayatsa tchire posaka mbewa. Aliyense ankaona ngati chake n'chochepa. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda chophimba silowa pansi, imangothamanga ndi dothi n'kukalitula kumunsi, ndipo pofika chilimwe akasupe amakhala alibe choti apereke.

Mawu a lero ndi anu, inu amene mwatopa. Munadzala mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Mpamadzi kapena Rivirivi mu Januwale, mbuzi zinabudula nsonga, yotsalayo moto wa mu Seputembala unanyambita. Munatola mapulasitiki pansi pa mlatho Loweruka, pofika Lachitatu ena atayamo kale. Mnzanu wa dimba loyandikana ndi lanu akulimabe mpaka khasu kukhudza madzi, ndipo mukamuuza amakufunsani ngati mudzamulipirire ana fizi. Funso lakelo si lachipongwe ayi. Kabichi ndi tomato amene amadzaza misika ya Lizulu ndi Tsangano ndi amene akuphunzitsa ana ambiri kuno, choncho munthu wotere sitimunyoza, timakambirana naye.

Komabe musaponye khasu. Ngati mtsinje unawonongeka ndi zochita zing'onozing'ono za anthu ambiri, udzachiranso ndi zochita zing'onozing'ono zomwezo. Kumbukirani mmene Nehemiya anagawira ntchito ya linga la Yerusalemu: panali ena amene gawo lawo linali poyang'anizana ndi nyumba zawo basi, ndipo linga lonse linatha m'masiku 52. Palibe amene anakupatsani mtsinje wonse, kuchokera kuphiri mpaka kumene ukathera. Chanu ndi gombe lija la kumunsi kwa dimba lanu, kapena ngalande ya kuseri kwa golosale yanu pa boma.

Pitani mukaliyang'ane bwino gombelo. Mwina mupezapo chitsa chimene mumachiyesa chakufa, koma chatulutsa mphukira zambirimbiri, zowonda, zolimbirana dzuwa. Sankhanipo ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo mudule ndi chikwanje chakuthwa, mulambule udzu mozungulira kuti moto usafike, muzingepo minga chifukwa cha mbuzi. Mizu ya chitsa chimenecho inazama kalekale, ikudziwa kumene kuli madzi, n'chifukwa chake mphukira zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Ntchito imeneyi siifuna ndalama, siidikira galimoto ya bungwe. (Ndipo tinene zoona, mitengo yambiri imene timadzala pamaso pa alendo olemekezeka siiona mvula yachiwiri.)

Pamene gombe likugumuka, siyani mikono ingapo osalima. Ikanipo vetiva kapena nsenjere, bango mulisiye limere, nsungwi zigwire nthaka. Mukapeza mbande za katope, mkuyu kapena mbawa, malo ake ndi amenewo. Chaka choyamba mudzangoona ngati mwataya mizere iwiri ya tomato. Koma dothi limene linkapita ndi madzi lidzayamba kutsakamira pa udzuwo, ndipo chitsime cha m'dimba chimene chinkauma masika atangotha chidzayamba kupirira mpaka dzuwa la Okutobala. Zimenezi sizidzalengezedwa pa wailesi. Woyamba kuzidziwa adzakhala mayi amene amathirira ndi kheni.

Mu 2016 dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Chiwerengero chimenechi chimamveka chachikulu mpaka munthu kudziona ngati alibe gawo. Koma ku ofesi ku Lilongwe kulibe hekitala ngakhale imodzi yoti aibwezeretse. Mahekitalawo ali kwa Kwataine, kwa Njolomole, kwa Ganya, kwa Mpando, ndipo ndi timagawo ta anthu ngati inu tikaphatikizana. Madzi amene mungawasunge pamtunda pano amakamwedwa ndi mwana wa ku Balaka amene simudzamuona, ndipo dothi limene mungalitchinjirize ndi lomwe likanakathera mu Shire, kumene limavutitsa makina opangira magetsi ku Nkula.

Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, koma chitsa chija sichidikira kalendala. Lero lomwe, dzuwa likapepa, tengani chikwanje mupite kugombe. Pobwerera mudzere kwa mnzanu wa dimba la kumtunda kwanu, mumulonjere bwino, mumufunse ngati angalole kuti mzere wa vetiva upitirire mpaka kwake. Akakana lero, mudzapitenso sabata yamawa.