Dzanja limene linasaina

M'caka ca 1860, asilikali a Britain ndi France anafika pa zipata za Beijing. Mfumu Xianfeng inathawira ku Rehe, n'kusiya mng'ono wake Yixin, wodziwika kuti Kalonga Gong, kuti akambirane ndi adaniwo. Anali ndi zaka 27 cabe. Pa 18 Okutobala, Lord Elgin analamula kuti nyumba zacifumu za ku Yuanmingyuan zitenthedwe. Patapita masiku 6, Yixin anasaina pangano lopereka Kowloon kwa Britain. M'mawa mwake anasaina ndi France, ndipo mwezi wotsatira Russia inatenga dera lonse la kum'mawa kwa mtsinje wa Ussuri, kumene kuli Vladivostok lero.

Kodi munthu amene wasaina kugonja kwa mtundu wake tinganene kuti wagulitsa dziko?

Ine ndikuti ayi. Nkhondo inali itatayika kale Yixin asanagwire colembera. Akanakana, moto umene unapsereza Yuanmingyuan ukanatha kulowa mumzinda mwenimwenimo, ndipo olira akanakhala anthu wamba. Mkulu wake dzina lake silinaoneke pamzere wosainapo, koma cifukwa cake n'cakuti anathawa. Manja oyera cifukwa cothawa sacotsa mlandu. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pa abale awiriwa amene anaimirira n'kulandira nkhonyayo ndi wamng'ono.

Komabe wina angatsutse kuti wamantha aliyense amadziwa kunena kuti panalibe cocita. N'zoona. Conco kusaina pakokha sikungamuyeretse munthu. Tiyenera kufunsa zimene anacita ndi mpata umene manyaziwo anagula.

Apa mbiri ya Yixin ili ndi yankho. Mu 1861 anakhazikitsa Zongli Yamen, ofesi yoona za maiko akunja. Mu 1862 panatsegulidwa Tongwen Guan, sukulu yophunzitsa zinenero za alendo, kuti China asamadalire womasulira wa mdani pokamba mlandu wake. Anavomereza kuti amene wakugonjetsa ali ndi zina zoti akuphunzitse. Pa cifukwa ici, odana naye anam'patsa dzina lonyoza lakuti Ciwanda Cacisanu ndi Cimodzi, popeza anali mwana wamwamuna wacisanu ndi cimodzi wa Mfumu Daoguang, ndipo "ziwanda" linali dzina lotukwanira azungu.

Sindikunena kuti anali wopanda banga. Mkulu wake atamwalira mu 1861, anagwirizana ndi Cixi, mai wa mfumu yatsopano, kulanda mphamvu kwa nduna zimene zinasiyiridwa ufumu, ndipo mmodzi wa ndunazo, Sushun, anadulidwa mutu. Mlandu umenewu ndi wake, cifukwa apa panalibe mfuti ya mlendo yom'kakamiza. Cixi yemweyo ndiye anam'cotsa paudindo mu 1884. Anamuitananso mu 1894, nkhondo ya Japan itavuta, ngati munthu amene amakumbukiridwa pokhapokha nyumba ikayaka. Anamwalira mu 1898, ndipo ufumu wa Qing unatha mu 1912.

Tikamaweruza munthu wotere, tisiyanitse ziwirizi: zimene anasenza cifukwa ena anathawa, ndi zimene anasankha yekha. Ife anthu timakonda kuiwala magazi a Sushun n'kumaloza pepala la 1860, cifukwa dzina lolembedwa limaoneka msanga kuposa mpando umene mwini wake anausiya.