Amake Ndani?

Amayi anzathu, mkazi wa kuno amasintha maina kangapo asanakalambe. Ali mwana timamuitana dzina lake lobadwa nalo. Akatha msinkhu timayamba kumulemekeza ndi chiwongo: NaBanda, NaPhiri, NaJere, kapena Abiti uje kwa anzathu a Chiyao. Akakwatiwa amasanduka Mayi uje, kutengera dzina la mwamuna. Akabereka ndiye basi, ndi Amake Chikondi mpaka kumanda. Ena mwa ife tinadzamvanso dzina lathu loyamba likutchulidwa mokweza mu 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika.

Mwambo umenewu si woipa. Umatikumbutsa kuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, paja kalikokha nkanyama. Ndani mwa ife sananyadire tsiku loyamba kumva akutchulidwa amake mwana? Koma taonani kuti maina aulemu onsewa akuloza kwa munthu wina: kwa makolo, kwa mwamuna, kwa mwana. Nanga amene alibe mwamuna kapena mwana timutcha ndani?

Maina ake alipo, ndipo timawadziwa bwino: mbeta, chumba, wobwerera ku banja. Sitimutchula choncho pamaso. Timanong'onezana pamaliro, tikusonkhezera moto pa mphika wa nsima. Iye amamva ndithu. Choopsa n'chakuti pakapita zaka amayamba kudziyeza ndi muyeso womwewo. Mayi woti waphunzitsa ana a Sitandade 1 zaka 20, kapena walera ana amasiye a mchemwali wake mpaka kuwakwatitsa, mumumva akuti, “Ine ndine ndani, wopanda mwana?” Mawuwo sanabadwe nawo. Anawatola kwa ife.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake. Madokotala amanenanso kuti vutoli limapezeka kwa abambo ngati momwe limapezekera kwa amayi. Komabe wopita kwa asing'anga ndi mkazi, wofunsidwa ndi apongozi ndi mkazi, wosowa dzina ndi mkazi yemweyo.

Atsikana athu amaona zonsezi. Malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Koma lamulo silingalowe m'mutu mwa mtsikana wa Fomu 2 amene waona kuti mnzake wobereka akupatsidwa mpando ndi kutchedwa “amayi”, pamene iye akutumidwabe kukatunga madzi. Ulemu wauona kumene uli, ndipo adzaulondola.

Ena adzati kudzifufuza kuti ndiwe ndani ndi nkhani ya azungu, ife timadziwika ndi abale athu. Pali choona pamenepo. Koma abalewo ndi ife tomwe: anamkungwi, alangizi a pa chikwati, apongozi, azakhali. Pa chilangizo timatha usiku wonse kumuuza mtsikana za kusamala mwamuna ndi kulemekeza kuchimuna. Ndi kangati pamene tinamufunsa chimene manja ake amadziwa, kapena chimene ankalakalaka kudzakhala ali ku pulayimale? Ambiri mwa ife alangizi sitinafunsidwepo funso limeneli, n'chifukwa chake silitibwerera pakamwa.