Kodi Njinga Yamoto Yokonzedwanso Ikadali Yomwe Ija?

Pamsewu wa M1, umene umachoka pakatikati pa mzinda wa Blantyre, kudutsa ku Nancholi n'kutsetserekera ku Chikwawa, njinga zamoto zambiri zimene zimayendapo n'za kabaza, zochokera ku China ndi ku India, zimene eni ake amagula ndi cholinga choti zibweze ndalama zisanathe. Komabe kuseri kwa nyumba zina kumapezeka njinga za m'badwo wakale zitafunditsidwa chiguduli, monga Honda CG125 imene inayamba kupangidwa mu 1975, kapena Yamaha AG100 ndi DT125 zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ankayendera m'midzi. Munthu amene wasankha kudzutsa njinga yotere pakhomo pake amasintha matayala, masipoko, tcheni, pisitoni, mawaya ndi chishalo, zina akugula zatsopano m'masitolo a ku Limbe, zina akutola zakale mumsika wa Ndirande, ndipo pomaliza amakhala atadzutsanso funso limene lasautsa anthu oganiza kwa zaka pafupifupi 2,000, lakuti kodi chinthu chimene ziwalo zake zasinthidwa chimodzichimodzi chikadali chomwe chija.

Plutarch, mlembi wa ku Greece, anafotokoza za chombo cha Theseus chimene anthu a ku Athens ankasunga ngati chikumbutso, akumachotsa thabwa lililonse lowola n'kuikapo lina, mpaka afilosofi, ndiko kunena akatswiri ofufuza maziko a zimene anthu amati n'zoona, anagawikana, ena akuti chombocho n'chomwecho, ena akukana. Mu 1655 Thomas Hobbes wa ku England anaipotoza nkhaniyo pofunsa chimene chingachitike munthu wina atatolera matabwa onse otayidwawo n'kumanga nawo chombo chachiwiri. Ku Blantyre funso la Hobbes si longoyerekeza, chifukwa chitsulo sichitayidwa wamba: thanki yobooka imene wina wachotsa imakawotchereredwa n'kumangidwa pa njinga ina, ndipo n'zotheka kuti njinga ziwiri ziziyenda mumzinda umodzi, iliyonse itanyamula gawo la njinga imodzi yoyamba.

Boma lili ndi yankho lake, ndipo ndi lachidule. A Road Traffic amazindikira njinga ndi nambala yodindidwa pa felemu, imene imalembedwa pamodzi ndi nambala ya injini m'chikalata cha umwini chimene anthu amachitcha blue book. Yankholi limathandiza pogwira akuba ndi poweruza milandu ya malonda, koma likanakhala lokwanira, felemu yopanda kanthu imene yagona m'udzu kwa zaka 20 ikanakhala njinga yeniyeni kuposa injini, mawilo ndi thanki zake zimene zikuyendabe pa felemu ina.

Ntchito yooneka yaing'ono kwambiri pa kukonzako, yokuta mabawuti, manati ndi mawashala ndi zinki, ndiyo imaunikira nkhaniyi bwino koposa. Zinki ndi mtundu wa chitsulo chotuwa chimene Amalawi amachiona tsiku lililonse osachitchula dzina, poti ndicho chimakuta malata ofolerera nyumba, ndiponso ndicho chimapanga chikho cha batire wamba la tochi. Malata amaviikidwa mu zinki wosungunuka, amene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 420, njira imene Stanislas Sorel wa ku France anaitengera chiphaso cha umwini mu 1837. Koma tizitsulo ta njinga timakutidwa pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo zimenezi zimatheka pakhomo. Wokonza amayamba wachotsa mafuta ndi dzimbiri lonse, chifukwa zinki sagwira pamalo akuda, kenako amakoloweka bawuti pa waya wa negetivi ndi chidutswa cha zinki pa waya wa pozitivi, zonse zitamira m'chidebe cha pulasitiki momwe muli viniga wosakaniza ndi mchere wa Epsom, amene zinki wina wasungunukiramo kale. Magetsi ochepa, a mavoliti awiri kapena atatu, amachititsa kuti zinki azinyenyeka pa chidutswacho n'kukamata pa bawuti, ndipo kuchuluka kwa zinki womatayo kumayenderana ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa, monga Michael Faraday anasonyezera m'zaka za 1833 ndi 1834. Wopupuluma amene amawonjezera magetsi kuti amalize msanga amatulutsa bawuti yakuda bii, zinki wake akuchoka pongokhula ndi chala. Chikuto chabwino n'chopyapyala, cha mamaikulomita apakati pa 5 ndi 25, pamene maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita.

Chofunika pano ndi mmene chikutocho chimatetezera chitsulo. Penti imateteza potseka chabe, kotero ikakandika dzimbiri limalowera pomwepo, pamene zinki amateteza ngakhale atakandika, chifukwa zinki ndi chitsulo zikakhudzana pamalo a chinyezi, zinki ndiye amayamba kudyeka, ndipo chitsulo cha pafupi sichichita dzimbiri kufikira zinkiyo atatha. Amene anapanga njingayo ku Japan anaika chikutocho akudziwa kuti chidzatha, monganso ankadziwira kuti matayala, oyilo ndi mabuleki zidzatha. Kutha ndi kubwezeretsedwa kwa ziwalo zina kunali m'maganizo a mmisiri kuyambira pachiyambi, choncho wokuta bawuti kachiwiri akungopitiriza zimene njingayo inapangidwira. Aristotle ankasiyanitsa zipangizo za chinthu ndi kapangidwe kake, kutanthauza dongosolo limene limachititsa kuti zipangizozo zigwire ntchito imodzi, ndipo pa makina dongosolo limenelo limaphatikizapo kusinthidwa kwa zimene zatha.

Si onse amene angavomereze. John Ruskin, polemba za nyumba zakale mu 1849, anatsutsa kwambiri kuzikonzanso kuti zioneke zatsopano, akuona kuti ukalamba wa chinthu ndi mbali ya choonadi chake, ndipo chikalata cha ku Venice cha mu 1964 chinagwirizana naye pang'ono polamula kuti gawo latsopano pa nyumba yakale lizitha kusiyanitsidwa ndi loyambirira. Muli nzeru m'mawu amenewa, pakuti thanki yopindika pamene mlangizi anagwera m'matope a nthawi ya dzinja ili ndi mbiri imene penti yatsopano imafufuta. Koma maganizo a Ruskin amayenera chinthu chongoonedwa, monga zitsulo zakale zoimikidwa pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, zimene palibe amayembekezera kuti ziyendenso. Njinga yosiyidwa kuti dzimbiri liidye chifukwa cholemekeza ukalamba wake imaleka kukhala chokwera, ndipo nacho chimenecho n'chitayiko.

Msewu wodutsa ku Nancholi uja ukatsika mapiri umakafika ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi, amene Matthew Schoffeleers analemba mbiri yake m'buku la River of Blood la mu 1992. Kachisiyo akawonongeka amamangidwanso motsata mwambo, koma Amang'anja sanena kuti apeza kachisi wina, monganso kachisi wa Ise ku Japan, amene amamangidwanso zaka 20 zilizonse, komaliza mu 2013, sawerengedwa kuti ndi watsopano. Mwambo wolowa dzina uli ndi maganizo omwewa, poti Lundu kapena Kalonga Gawa Undi ndi dzina limodzi limene anthu ambiri alinyamula motsatizana. Chimene chimasunga umodzi pa zonsezi ndi mzere wosaduka wa anthu osamalira, odziwa chimene akusamalira, ndipo poyezera pamenepa njinga imene yakhala ikukonzedwa pang'onopang'ono ili ndi umboni wamphamvu kuposa yosonkhanitsidwa kuchokera ku zotayidwa zake.

Chiphunzitso chachikhristu cha kuuka kwa thupi chinakumana ndi vuto lofanana, ndipo Augustine wa ku Hippo, amene anamwalira mu 430, anayankha kuti sikofunika kuti kachidutswa kalikonse ka thupi kabwerere pamalo pake penipeni kuti munthu wouka akhale yemwe uja. Kufananako kumathera pomwepa, chifukwa okhulupirira amati munthu ali ndi mzimu ndipo Mulungu amamudziwa, pamene njinga ilibe mzimu, ndipo sikumbuka kanthu. Mbiri yake yonse ili m'manja mwa anthu, motero funso la umodzi wake limasanduka funso la kunena zoona. Njinga za ku Britain za m'ma 1950 ndi 1960, monga BSA ndi Triumph, mabawuti ake ambiri ankakutidwa ndi kadimiyamu, chitsulo cha poizoni chimene masiku ano chimapewedwa, ndiye woikapo zinki wachita bwino, koma akauza wogula kuti zonse zili monga zinachokera ku fakitale wanama. N'chifukwa chake chikalata cha ku Turin, chimene bungwe la FIVA loona za magalimoto akale linakhazikitsa mu 2013, chimalimbikitsa kuti zosinthidwa zonse zizilembedwa.

Pali malo amodzi pamene kukakamira chiwalo choyambirira kungaphetse munthu. Asidi wochotsera dzimbiri ndi magetsi okutira zinki zimalowetsa mpweya wa haidulojeni mkati mwa chitsulo cholimba kwambiri, ndipo chitsulocho chimatha kuthyoka mwadzidzidzi patapita nthawi, chisanaonetse chizindikiro chilichonse. M'mafakitale amauchotsa powotcha zitsulozo mu uvuni kwa maola angapo pa madigiri pafupifupi 200 zitangokutidwa, chimene n'chovuta kuchichita molondola pakhonde, makamaka magetsi akamazimazima. Masipuling'i, ekiselo ndi mabawuti ogwira mabuleki, ngakhale atakhala omwe anabwera ndi njingayo, wokonza wanzeru sawaviika m'chidebe; akadyeka amagula atsopano a mlingo womwewo, n'kulemba m'kabuku kake tsiku limene wawasintha.