Kodi Ukalamba Uli ndi Mankhwala?

Kuyambira kale anthu akhala akufunafuna mankhwala otalikitsa moyo. Imvi zikayamba kuoneka, mawondo nkuyamba kuwawa pokwera chitunda, mtima wa munthu umalakalaka masiku a unyamata. Tsono kwamveka mbiri yochokera kumaiko akutali yakuti mankhwala ena a nthenda ya shuga angathe kuchedwetsa ukalamba. Dzina lake ndi metformin. Si mankhwala achilendo ayi. Ndi mapiritsi omwewo amene odwala shuga amalandira pa chipatala chachikulu cha Balaka ndi pa chipatala chachikulu cha Machinga, chimene chili pa Liwonde. Kodi nkoyenera kuti munthu wosadwala azimwa mankhwala a wodwala pofuna kuti asakalambe msanga?

Nzeru yopanga mankhwalawa inachokera ku chitsamba china cha ku Ulaya chotchedwa Galega. M'chaka cha 1957 dotolo wa ku France, Jean Sterne, anaonetsa kuti amathandiza odwala shuga. Ntchito yake yaikulu ndiyo kuletsa chiwindi kuti chisathire shuga wochuluka m'magazi. Mu 1998 kafukufuku wamkulu wa ku Britain anapeza kuti odwala shuga onenepa amene ankamwa metformin sankafa msanga monga anzawo ongosala zakudya. Mpaka pamenepa palibe mkangano.

Mkangano unakula mu 2014, pamene ophunzira a ku Cardiff anawerenga mabuku a zipatala napeza kuti odwala shuga akumwa metformin anakhala ndi moyo kupitirira pang'ono anthu ena osadwala shuga konse. Anthu anazizwa. Wodwala angapose bwanji wamoyo? Dotolo wina wa ku New York, Nir Barzilai, anapempha kuti mankhwalawa ayesedwe pa nkhalamba 3,000 zosadwala shuga kwa zaka 6, koma ndalama za ntchitoyo zinavuta kupezeka.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wodwala amene nthenda yake yakula amamuonjezera mankhwala ena, motero otsala pa metformin yekha kawirikawiri ndi aja a nthenda yochepa. Kuwerenga iwo okha kuli ngati kuyamika munda poona chimanga cha m'nkhokwe, kuiwala chimene chinadyedwa ndi chiswe. Ku Denmark, mu 2022, anawerenganso anthu ena ndipo sanapeze phindu lija. Mu 2013 mbewa zopatsidwa metformin wochepa zinakhalitsa pang'ono, koma zopatsidwa wambiri zinaonongeka impso nizifa msanga. Ndiponso mu 2019, ku America, anapeza kuti nkhalamba zochita masewero olimbitsa thupi zikumwa metformin minofu yake sinakule monga ya anzawo osamwa. Mlimi wa thonje ku Utale kapena msodzi wa pa nyanja ya Chilwa ayenera kuganizira bwino pamenepa, pakuti khasu ndi nkhafi zimafuna minofu.

Kufuna moyo wautali si kulakwa. Nkhalamba yamphamvu ndi chuma cha mudzi. Imalera adzukulu amasiye, imadziwa malire a minda, ndipo pa mlandu imatonthoza okwiya. Amene akuti kufunafuna mankhwala otere ndi kupikisana ndi Mulungu aiwala kuti katemera ndi neti ya udzudzu nazonso zimatalikitsa moyo, ndipo palibe amazitcha tchimo. Ngakhale nkhalamba yodzipereka kuti madotolo ayeserepo mankhwalawa yachita bwino, popeza choonadi chidzadziwika mwa njira yomweyo.

Povuta ndi pena. Kafukufuku wa m'dziko la Malawi wa 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga, ndipo ambiri odwala nthendayi sadzizindikira. Kwa iwo metformin si nkhani ya imvi kapena makwinya. Shuga akachuluka m'magazi zaka zambiri amaononga maso, impso ndi mitsempha, ndipo kabala kakang'ono ka paphazi kangathe kudulitsa mwendo. Munthu wa ku Nayuchi kapena wa ku Phalula amagulitsa nkhuku kuti apeze ndalama ya ulendo, amakhala pa mzere m'mawa wonse, ndipo nthawi zina amamva kuti mankhwala atha.

Munthu wachuma wogula mapiritsiwa ndi ndalama zake sanabe kanthu. Iye akungoyesa mwayi ndi thupi lake, thupi limene lingayambe kutsegula m'mimba kapena kuchepa vitamini B12 popanda phindu lodziwika. Koma wina amene anyengerera mbale wake wogwira ntchito kuchipatala kuti amubisire botolo, kapena atapako mapiritsi a mlamu wake wodwala, ameneyo wasinthanitsa maso a mnzake ndi chiyembekezo chabe. Zaka zimene iye akuzifuna mwina sadzaziona, koma zimene walanda kwa wodwalayo nzenizeni.

Woopa ukalamba angathe kupita ku chipatala chomwecho kuti akamuyeze magazi. Amabaya chala, kadontho kamodzi kokha, ndipo yankho limatuluka asananyamuke pa mpando. Akapezeka ndi shuga, dotolo akaona kuti metformin ndi womuyenera, adzamulembera, ndipo adzaima pa mzere pamodzi ndi uja wa ku Nayuchi.