Kuona maso a nkhono n'kudekha

Nkhono ukaigwedeza imabwerera m'chigoba. Wofuna kuona maso ake amakhala pansi n'kudikira.

Mwambiwu ndimaukumbukira ndikaona mwana wa ADHD, uja wosakhazikika m'kalasi, wotaya makope, woyankha funso lisanathe. Timamutcha wopulupudza, timamuthyolera mkwapulo. Chonsecho vutoli limachokera m'kagwiridwe ntchito ka ubongo, kawirikawiri limakhala lakumtundu, ndipo zizindikiro zake zimayamba mwana asanakwanitse zaka 12. Zimandiwawa, chifukwa mkwapulo umangomubweza m'chigoba.

Aphunzitsi akamukhazika kutsogolo n'kumupatsa ntchito imodzi yaifupi, pamaoneka kusintha. Ambiri amakula nalo vutoli. Iwowa amathandizika polemba zoti achite ndi kutchera alamu pafoni, ena ndi mankhwala monga methylphenidate, dokotala atawayeza.