Masiku a Mpumulo Pakati pa Matenda

Mwa mafunso amene amasautsa anthu oganiza, lina ndi ili: kodi munthu amene akudziwa kuti nthenda yake ikhoza kubweranso ayenera kukhala motani pa masiku amene thupi lake lapepukidwa? Funsoli limakula kwambiri pa nthenda ya khansa, pakuti nthenda imeneyi ili ndi khalidwe lobisala ndi kutulukiranso.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga nyumba imamangidwa ndi njerwa. Khansa imayamba pamene maselo ena ayamba kuswana osaleka, mpaka kupanga chotupa. Madokotala akhoza kudula chotupacho, kuchiwotcha ndi makina, kapena kuchithira mankhwala aukali. Koma nthawi zina pamatsala maselo owerengeka, aang'ono kotero kuti ngakhale makina ounikira sawaona, ndipo patapita miyezi kapena zaka amaswananso. Mlimi aliyense amadziwa kapinga: angalime bwino chotani, kamuzu kamodzi kotsalira m'nthaka kamaphukanso mvula ikagwa. Motero khansa ikabweranso sikuti wodwalayo analakwa, kapena kuti wina wamulodza.

Mankhwala a khansa amapha maselo oswana msanga, koma amavulazanso ena abwino, monga a tsitsi, a m'kamwa ndi a m'mafupa amene amapanga magazi. Chifukwa chake saperekedwa tsiku ndi tsiku. Kawirikawiri munthu amalandira kamodzi, napuma masabata 3. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 maselo oteteza thupi amakhala atachepa kwambiri, ndipo thupi likatentha kufika madigiri 38 wodwalayo ayenera kuthamangira kuchipatala osadikira kuti kuche. Pa sabata lachitatu mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono. Palinso mpumulo wautali, wa miyezi, umene dokotala amapereka nthenda ikagonja kwa kanthawi. Masiku amenewa ndiwo chuma cha wodwala. Tsono chumachi achite nacho chiyani?

Pali njira ziwiri zimene anthu amasokera nazo. Wina amangokhala pakhonde kuwerenga masiku otsala kuti abwerere kuchipatala. Nsima saimva kukoma, ana akamaseka iye maganizo ali pa jakisoni. Munthu wotere nthenda yam'landa masiku oipa, ndipo iye mwini waiwonjezera ndi abwino omwe. Wina amati, "Ndachira basi," nataya kabuku ka kuchipatala, nalumpha tsiku limene anamuuza kuti akabwerenso, kapena kugulitsa mbuzi zonse kulipira aliyense womulonjeza kuti achotsa nthendayo m'sabata imodzi. Anthu awiriwa amaoneka osiyana, koma wowalamulira ndi mmodzi, ndiye mantha.

Ku England kunali mayi wina dzina lake Cicely Saunders, amene anayamba ndi ntchito ya unamwino, pambuyo pake naphunzira udokotala. M'chaka cha 1967 anatsegula nyumba yosamaliramo odwala matenda osachiritsika yotchedwa St Christopher's, mumzinda wa London. Mayiyu anaphunzitsa kuti ululu wa munthu uli pazinthu zinayi: thupi, maganizo, banja ndi mzimu. Anaphunzitsanso kuti mankhwala a ululu, monga morphine, aziperekedwa pa nthawi yake, ululu usanabwerere. M'chaka cha 1993 dokotala Anne Merriman anayambitsa ntchito yonga yomweyo ku Uganda, pogwiritsa ntchito morphine wamadzi wotsika mtengo. Ku Malawi chisamaliro chotere chinafikanso, monga ku Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Ndi Moyo ku Salima. Onsewa anaona chinthu chimodzi: munthu amene nthenda yake singathe akadali munthu wamoyo, ndipo ululu umachotsedwa kuti moyo umenewo aukhale ndithu.

Tsono munthu wanzeru amagawa masiku ake a mpumulo patatu. Gawo loyamba ndi la thupi. Adye zimene mtima ukufuna ndi zopatsa mphamvu, monga nsinjiro, mazira, nyemba ndi nsomba. Ayende pang'ono m'mawa. Akatopa agone, osachita manyazi. Kupuma kotere sikuchita ulesi, pakuti ndi nthawi imene magazi akudzikonza kuti akapirire mankhwala otsatira.

Gawo lachiwiri ndi la mangawa, a ndalama ndi a mumtima omwe. Ngati pali mbale amene anayambana naye chifukwa cha malire a munda, nthawi yomuitana ndi yomweyi. Ngati ana sanauzidwe zoona, awauze mofatsa, pakuti mwana amaona nkhope za akulu, ndipo zimene amadziganizira yekha zimaopsa koposa zoonazo. Alembenso wilo pamaso pa mboni ziwiri. Ambiri amaopa kuti kulemba wilo ndiko kuitana imfa, koma pepala silinaphepo munthu. Ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, komabe wilo yolembedwa bwino imatseka pakamwa pa olanda mlandu usanayambe.

Gawo lachitatu ndi la chimwemwe, ndipo limeneli ndilo anthu amaliiwala. Apite ku ukwati wa mphwake. Aphunzitse mdzukulu kuluka mphasa. Ngati anayamba sukulu ya kwacha, apitirize, kuti alembe kalata kwa mwana wake ndi dzanja lake. Adzale ngakhale mtengo wa mango. Wina angafunse kuti, "Kodi si kupusa kudzala mtengo umene mwina sadzadyako zipatso zake?" Koma mango ambiri amene anthu akudya lero anadzalidwa ndi anthu amene anapita kale, ndipo palibe amene amawatcha opusa. Ngakhale munthu wathanzi podzala mtengo alibe chikalata cholonjeza kuti adzafika chaka chamawa. Kusiyana kwake n'kwakuti wodwala khansa wakumbutsidwa chimene anzake amaiwala.

Abale nawonso ali ndi udindo wawo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chifundo china chimapweteka: kum'landa khasu munthu amene akufuna kupalira mizere iwiri, kunong'onezana iye akalowa, kuweruza nkhani za pabanja osam'funsa. Kutero ndiko kumuika m'manda akadali moyo. Am'thandize pa zimene zam'kanika, koma zimene angathe am'siyire. Ndipo tsiku limene wadzuka ndi chisoni, osafuna kulankhula ndi munthu, asam'dzudzule kuti akutaya nthawi. Kulira nakonso kuli ndi malo ake, ndipo wolira lero akhoza kuseka mawa.

Akuluakulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Wowotcha chimanga sadikira kuti chitsononkho chonse chipse. Amadya mbali imene yapsa, ina ikadali pamoto. Chomwechonso wodwala amene wapatsidwa sabata limodzi labwino alilandire ndi manja awiri, asunge tsiku lake la kuchipatala, ndipo masiku a pakatiwo awadye akadali otentha.